Watts Humphrey ndi Luso Lopanga Mapulogalamu Odalirika

Mayi wogula usipa pa Chia akalipira msodzi kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, palibe ndalama yomwe imadutsa m'manja. Chiwerengero chimatsika pa foni ina n'kukwera pa inzake, ndipo awiriwo amasiyana mitima ili m'malo. Lole ya nzimbe ikakwera pa sikelo ku fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, kulemera kwake kumasungidwa mu kompyuta, ndipo malipiro a mlimi amawerengedwa kuchokera pamenepo. Chiphaso cha unzika, chomwe Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa m'chaka cha 2017, nachonso chimadalira kaundula wa mu kompyuta. Kuseri kwa zonsezi kuli pulogalamu, malangizo amene munthu anakhala pansi n'kulemba mzere ndi mzere, kuuza makina chochita.

Vuto ndi lakuti munthu amalakwitsa, pomwe makina satsutsa. Kompyuta imachita chimene yauzidwa, chabwino ndi choipa chomwe, ndipo imachichita mofulumira, mobwerezabwereza. Pakati pa 1985 ndi 1987, ku America ndi ku Canada, makina ochizira khansa otchedwa Therac-25 anawotcha odwala ndi mphamvu yopitirira muyeso, ena mpaka kumwalira. Gwero lalikulu la ngoziyo linali zolakwika za mu pulogalamu yoyendetsa makinawo. Nanga gulu la anthu, aliyense wokhoza kulakwitsa, lingapange bwanji pulogalamu yoti moyo wa munthu n'kutsamirapo, n'kuimaliza pa nthawi yake ndi pa mtengo umene linalonjeza?

Amene analimbana ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 40 ndi a Watts Humphrey a ku America. Yankho lawo linali lakuti ubwino wa pulogalamu umachokera ku ubwino wa njira imene yapangidwira. Nzeru za wolemba zimafunika ndithu, koma pazokha sizikwanira.

Mwana amene analephera kalasi yoyamba

A Watts Humphrey anabadwa pa 4 July 1927 ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan. Ali mwana, kuwerenga kunkawavuta kwambiri. Anali ndi vuto lija limachititsa zilembo kusokonekera m'maso mwa mwana ngakhale mutu wake uli wakuthwa, ndipo kalasi yoyamba anailephera. Bambo awo anakana kuvomereza kuti mwanayo ndi mbuli. Iwo ankati yalephera ndi sukulu, ndipo anasamutsa banja lonse kupita ku Connecticut kumene mwanayo anapeza womuphunzitsa payekha, mofatsa. Mwana yemweyo anadzamaliza sekondale ali patsogolo pa anzake onse.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatumikira m'gulu la asilikali apamadzi. Nkhondo itatha anaphunzira sayansi ya physics ku University of Chicago ndi ku Illinois Institute of Technology, kenako za kayendetsedwe ka bizinesi. Anagwirako ntchito ku kampani ya Sylvania ku Boston, ndipo mu 1959 analowa IBM, yomwe panthawiyo inali kampani yaikulu kuposa ina iliyonse yopanga makompyuta. Anakhalako zaka 27.

Chipwirikiti cha ku IBM

M'zaka za m'ma 1960, IBM inkatulutsa makompyuta atsopano otchedwa System/360. Makinawo anali okonzeka, koma mapulogalamu ake ankachedwa, ankadya ndalama zoposa zomwe anakonza, ndipo akafika kwa ogula ankapezeka ndi zolakwika zosawerengeka. Silinali vuto la IBM yokha. Mu 1968 akatswiri anasonkhana ku Garmisch, ku Germany, n'kuvomerezana kuti ntchito yolemba mapulogalamu ili pamavuto aakulu dziko lonse.

Mkati mwa chipwirikiti chimenecho, a Humphrey anaikidwa kukhala mkulu woyang'anira mapulogalamu a IBM. Pansi pawo panali akatswiri pafupifupi 4,000 m'malo ogwirira ntchito 15, m'mayiko 7. Atayendera malowo anapeza chodabwitsa. Anthu anali anzeru, akhama, ogona ku ofesi, koma akawafunsa dongosolo lolembedwa losonyeza zoti ntchito ili ndi magawo angati, gawo lililonse litenga nthawi yanji ndipo agwira ndani, palibe amene ankalitulutsa. Masiku omalizira ntchito ankatchulidwa ndi amalonda ndi mabwana, opangawo n'kungovomera. Akafunsidwa chifukwa chosalembera dongosolo, ankati nthawi palibe.

A Humphrey analamula kuti pulogalamu iliyonse isalengezedwe, isapatsidwe ndalama, ndipo isatumizidwe kwa ogula kufikira dongosolo lake litafika pa tebulo lawo. Ambiri anaona ngati lamuloli lichedwetsa ntchito yochedwa kale. Koma monga iwo eni anadzasimbira pambuyo pake, madongosolowo atalembedwa, magulu awo anatha zaka zoposa ziwiri osaphonya tsiku lomwe alonjeza. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo ku IBM zinaoneka poyera. Phunziro limene anatengapo ndi lakuti lonjezo liyenera kuchokera kwa amene adzagwire ntchitoyo, ataiyeza, osati kwa amene akungoifuna.

Makwerero asanu

Mu 1986, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 60, a Humphrey anapuma ku IBM. M'malo mokakhala pakhonde, anadziikira lonjezo limene iwo eni ankavomereza kuti ndi lopitirira msinkhu wa munthu mmodzi: kusintha mmene dziko lonse limapangira mapulogalamu. Analowa Software Engineering Institute, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1984 pa Carnegie Mellon University mumzinda wa Pittsburgh ndi ndalama za unduna wa zachitetezo wa dziko la America. Asilikali a dzikolo anali atatopa ndi makampani olonjeza zambiri n'kubweretsa zochepa. Ankafuna njira yodziwira, asanapereke kontirakiti, ngati kampani ingathedi ntchito.

A Humphrey anabwereka nzeru kwa anthu amene anakonza ntchito za m'mafakitale, monga W. Edwards Deming, yemwe anathandiza mafakitale a ku Japan nkhondo itatha, ndi Philip Crosby. Anthuwa ankaphunzitsa kuti katundu akamatuluka wolakwika kawirikawiri, usathamangire kukalipira wantchito. Fufuza njira imene akugwirira ntchitoyo. A Humphrey anatenga mfundo imeneyi n'kuiika pa mapulogalamu. Mu 1987 anafotokoza makwerero asanu a kukhwima kwa kampani, mu 1989 anatulutsa buku lotchedwa Managing the Software Process, ndipo mu 1991 bungwe lawo linasindikiza muyezo wotchuka wa Capability Maturity Model, mwachidule CMM.

Pa khwerero loyamba, ntchito imayenda mwamwayi. Ikatheka ndiye kuti pali katswiri mmodzi kapena awiri amene adzipha nayo usiku ndi usana, ndipo akachoka, luso lonse limapita nawo. Pa khwerero lachiwiri, gulu limayamba kulemba zimene wogula akufuna, kukonza dongosolo, kutsata mmene ntchito ikuyendera, ndi kusunga bwino kusintha kulikonse kuti zidziwike kuti wasintha ndani, liti, chifukwa chiyani. Zikatere, chimene chinatheka chaka chatha chikhoza kuthekanso chaka chino. Pa khwerero lachitatu, njira zabwino sizikhalanso za gulu limodzi. Zimalembedwa, zimaphunzitsidwa, ndipo kampani yonse imazitsata. Pa khwerero lachinayi, ntchito imayezedwa ndi manambala: zolakwika zingati pa mizere 1,000, zapezeka pa gawo liti, zatenga maola angati kukonza. Pa khwerero lachisanu, kampani imagwiritsa ntchito manambalawo kufufuza gwero la cholakwika chilichonse n'kusintha njira yake kuti mtundu umenewo wa cholakwika usabwerenso.

Chofunika pa makwererowa ndi chakuti sadumphika. Kampani yosadziwa kusunga tsiku lomwe yalonjeza singapindule ndi manambala apamwamba. Makampani atayamba kuyezedwa, ochuluka zedi anapezeka pa khwerero loyamba, kuphatikizapo ena otchuka.

Anayamba ndi iwo eni

Funso lina linkawasowetsabe mtendere a Humphrey. CMM inkalankhula kwa mabwana ndi makampani akuluakulu. Nanga munthu mmodzi wokhala pa kompyuta yake, kapena kagulu ka anthu atatu? Kuti apeze yankho, nkhalambayi inabwerera pa mpando wa wolemba mapulogalamu. Kwa zaka zingapo analemba timapulogalamu toposa 60, ndipo pa kalikonse ankalemba nthawi imene akuganiza kuti katenga, nthawi imene katengadi, cholakwika chilichonse chimene apanga, pamene chinalowera ndi pamene chapezekera. Zimene anaphunzira zinabala njira yotchedwa Personal Software Process, yomwe anaifotokoza m'buku la mu 1995 lotchedwa A Discipline for Software Engineering.

Manambala a anthu amene anaphunzira njirayi anaonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, ngakhale katswiri wozama amalakwitsa pafupifupi kamodzi pa mizere 10 iliyonse imene walemba. Chachiwiri, munthu aliyense ali ndi zolakwika zakezake zimene amazibwereza. Akazilemba n'kuzidziwa, amatha kudzipangira mndandanda wa zoti aziyang'ana, n'kuwerenga ntchito yake mofatsa asanaipereke kwa kompyuta kapena kwa oyesa. Zambiri zimagwidwa pomwepo.

Asodzi a ku Nkhotakota amaidziwa bwino mfundo imeneyi. Masana, chilimira chikayalidwa pamchenga, amachiyendera diso ndi diso n'kusoka pong'ambika. Bowo lopezeka pamchenga limadya kaulusi ndi mphindi zochepa. Bowo lomwelo likadziwika usiku pakati pa nyanja, nyali zitayaka, usipa utasonkhana, limadya mafuta a injini, tulo ta anthu onse ndi nsomba za tsikulo. Cholakwika cha mu pulogalamu chimakwera mtengo chimodzimodzi: n'chotchipa pa tebulo la wolemba, chodula poyesa, ndipo chodula koopsa chikafika kwa ogwiritsa ntchito.

Pambuyo pake anawonjezera Team Software Process, njira ya gulu lonse. Ntchito isanayambe, gulu limakhala pansi masiku angapo, kugawana maudindo, kuyeza ntchito ndi manambala a m'mbuyo, n'kupanga dongosolo lawolawo. Bwana akatchula tsiku losatheka, gulu silikana mwamwano ndipo silivomera mwamantha. Limaika manambala patebulo n'kunena zimene zingatheke pa tsikulo, ndi zimene zingafunike kuti zonse zitheke. A Humphrey ankakhulupirira kuti ntchito ya m'mutu singayang'aniridwe ngati yolima, popeza kapitawo saona zimene zikuchitika m'mutu mwa munthu. Wogwira ntchito yotere ayenera kudziyang'anira yekha, ndipo kuti akhulupiriridwe, ayenera kukhala ndi umboni.

Kumene mbewu inamera, ndi kumene inatsamwa

Dziko limene linalandira nzeruzi ndi manja awiri ndi India. Makampani a kumeneko ankafuna ntchito kuchokera ku America ndi ku Ulaya, koma ogula ankakayika. Muyezo wa CMM unawapatsa chowonetsa. Mu 1993 nthambi ya Motorola ya ku Bangalore inafika pa khwerero lachisanu, ndipo m'zaka zotsatira makampani ambiri a pa khwerero limenelo anali a ku India. Mu 2000 ku Chennai kunatsegulidwa bungwe lotchedwa ndi dzina la a Humphrey. Kwawo ku America anapatsidwa National Medal of Technology ya chaka cha 2003, yomwe anailandira kwa Pulezidenti George W. Bush mu 2005. Anamwalira pa 28 October 2010 ku Sarasota, m'chigawo cha Florida, ali ndi zaka 83.

Otsutsa analiponso, ndipo zina zimene ankanena zinali zoona. Makampani ena anasandutsa CMM mpikisano wa ziphaso. Ankadzaza mafayilo kuti oyeza akhutire, mapulogalamu awo ali chikhalire. Mu 2001 akatswiri 17 anakumana ku Utah n'kulengeza njira ina yotchedwa Agile, yolimbikitsa kupanga pang'onopang'ono, kuonetsa wogula pafupipafupi, ndi kuchepetsa mapepala. Lero magulu ambiri amatsata njira imeneyi. Komabe mukayang'anitsitsa gulu la Agile loyenda bwino, mupeza likudzipangira dongosolo, likuyeza liwiro lake, likuwerengerana ntchito, ndipo pakatha masabata angapo likukhala pansi kufunsana chimene chalakwika. Mapepala anachepa, koma mwambo umene a Humphrey ankaumenyera unatsala.

Baobab: phunziro la kwathu kuno

Kuno ku Malawi, chitsanzo chomveka cha pulogalamu yopangidwa mosamala chinachokera m'chipatala. Mu 1996 a Gerry Douglas, katswiri wa makompyuta, anabwera kudzagwira ntchito yongodzipereka ku Unduna wa Zaumoyo. Anaona mmene zinthu zinalili: kalaliki mmodzi, mzere wautali wa odwala, mabuku a kaundula olembedwa mothamanga, ndi malipoti ofika kulikulu mochedwa, manambala ake osagwirizana. Pamodzi ndi akazi awo, Dr. Thuy Bui, anayambitsa bungwe la Baobab Health, ndipo mu 2001 anaika makina oyamba ku mbali ya ana pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central Hospital.

A Baobab sankatsata buku la CMM. Njira yawo inabadwa m'mavuto a m'chipatala momwemo, koma inafika pa mfundo yofanana: cholakwika chitsekeredwe pakhomo. Poona kuti anamwino ndi makalaliki ambiri anali asanagwirepo kompyuta, anachotsa kiyibodi ndi mbewa n'kuika sikirini yodina ndi chala, ya mabatani akuluakulu, yofunsa funso limodzi pa nthawi. Makina oyambawo anali timakompyuta totchipa totchedwa i-Opener, tomwe ku America tinali titasiya kugulitsidwa, ndipo iwo anatisintha kuti tigwire ntchito imeneyi. Poona kuti magetsi amazimazima, anasankha zipangizo zodya moto wochepa, zoyendera mabatire, moto wake n'kumadutsa mu waya yemweyo wa netiweki. Poona kuti mayina amafanana ndipo zolemba pamanja zimawerengeka molakwika, wodwala aliyense anapatsidwa nambala yakeyake pa kasitika ka barcode komatidwa pa kabuku ka kuchipatala. Akabweranso, makina amangowerenga kasitikako, mbiri yake n'kutuluka.

Mayeso aakulu anabwera boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Dongosolo la dziko linali lokhwima: wodwala aliyense akhale ndi khadi lake, ndipo miyezi itatu iliyonse chipatala chiwerenge amene ali moyo ndipo akumwa mankhwala, amene amwalira, amene asiya ndi amene asamukira kwina. Pa chipatala cha odwala mazana ochepa, mapepala ankakwanira. Odwala atafika masauzande, kuwerenga makadi kunkatenga masiku angapo ndipo zolakwika zinkachuluka. Mu 2006 pulogalamu ya Baobab ya ma ARV inayamba kugwira ntchito pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kenako inafalikira m'zipatala zina zambiri. Wachipatala ankalowetsa zonse wodwala ali pomwepo, osati madzulo kuchokera pa mapepala. Akadina kulemera kosatheka kwa munthu, makina ankamuchenjeza nthawi yomweyo. Makina omwewo ankawerengera mapiritsi otsala ndi tsiku lobweranso, ndipo lipoti la miyezi itatu linkatuluka osavundukula mulu wa makadi.

Chofunika koposa n'chakuti ntchitoyi inadzakhala m'manja mwa Amalawi. Bungweli linasanduka Baobab Health Trust, ofesi yake ku Lilongwe, ndipo achinyamata ophunzira m'makoleji athu ndiwo ankalemba ndi kukonza mapulogalamuwo. Ankapita okha m'zipatala kukaona mmene namwino akugwiritsira ntchito chimene apanga, n'kubwerera kukasintha. Mmodzi mwa iwo, a Soyapi Mumba, anakafotokoza ntchitoyi pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, ku Tanzania, mu 2017. A Douglas nawo anakazamitsa maphunziro awo n'kudzaphunzitsa pa University of Pittsburgh, mumzinda womwe uja a Humphrey ankagwirira ntchito.

Zimene tingatolepo

Mapulogalamu akulowa m'mbali iliyonse ya moyo wa boma ngati la Nkhotakota: m'zipatala, m'masukulu, m'makopaletivi a alimi a mpunga ndi nzimbe, m'mabanki a m'mudzi, ku khonsolo. Ambiri mwa mapulogalamu amenewa adzalembedwa ndi ana athu omwe, ochokera ku MUBAS, MUST, Mzuzu University, University of Malawi, kapena m'malo ophunzirira luso monga mHub, yomwe a Rachel Sibande anayambitsa ku Lilongwe. Luso lolemba ali nalo kale. Chimene chimasowa kawirikawiri, kuno ngati kwina kulikonse, ndi mwambo wa kagwiridwe ka ntchito, ndipo mwambo umenewu sufuna ndalama zakunja.

Wachinyamata amene akuphunzira ntchitoyi akhoza kuyamba lero ndi kope wamba. Asanayambe ntchito alembe maola amene akuganiza kuti itenga, akamaliza alembe amene yatengadi. Cholakwika chilichonse achilembe pamodzi ndi chimene chinachibweretsa. Pakatha miyezi ingapo adzadziwa liwiro lake lenileni ndi misampha imene amagwamo kawirikawiri, ndipo kasitomala akamufunsa kuti ntchito itha liti, yankho lake lidzachokera m'kopemo. Asachite manyazi kupatsa mnzake ntchito yake kuti aiwerenge, chifukwa diso la wolemba limadumpha chimene mutu wake ukuganiza kuti chilipo.

Ogula nawo ali ndi mbali yawo. Komiti ya kopaletivi, mkulu wa sukulu kapena wa chipatala, asanasayine kontirakiti, asakhutire ndi kukongola kwa sikirini pa tsiku lachiwonetsero. Afunse kuona dongosolo la ntchito lolembedwa. Afunse kuti pulogalamuyo iyesedwa bwanji ndipo ayesa ndani. Afunse chimene chidzachitike magetsi akazima kapena netiweki ikadula pakati pa ntchito. Afunse kumene zolembedwa zikusungidwa, amene angathe kuzisintha, ndiponso ngati kusinthako kumasiya chizindikiro. Afunsenso amene adzaikonze pulogalamuyo woipanga akadzapeza ntchito ku Johannesburg. Wopanga wodziwa ntchito yake amakondwera ndi mafunso otere, chifukwa mayankho ake anawakonza kale. Amene akuzemba, kapena kulonjeza kumaliza mawa asanamve n'komwe zimene mukufuna, akadali pa khwerero loyamba, ndipo ndalama za alimi kapena mbiri za odwala siziyenera kuikidwa m'manja mwake kufikira atakwerapo.